Phindu la kampani limayambira pa mlangizi

MANDIMBA — M'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba makampani a fodya ndi thonje amadalira alimi a m'midzi. Amawakongoza mbewu, feteleza ndi mankhwala, kenaka amadula ngongoleyo pa nthawi yogula. Koma pakati pa kampani ndi mlimi pali munthu wolembedwa ntchito: mlangizi, kalaliki wa pa sikelo, ndi wosankha magiledi. Phindu la kampani lili m'manja mwa anthu amenewa.

Nkhondo itatha m'chaka cha 1992, mabanja ambiri anabwerera kuchokera ku Malawi. Ena anali atagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya a ku Namwera, ndipo anabwera akudziwa kufesa nazale ndi kumanga chigafa. Ulimi wa fodya wa bale unakula m'dera lino. Lero kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imagula fodyayo n'kupita naye ku fakitale yake ya ku Tete. Ku Cuamba, gulu la João Ferreira dos Santos, lomwe linayamba m'chaka cha 1897, limagula thonje ndi kulichotsa njere.

Ntchito ya mlangizi ndi ya m'munda. Ngati waphunzitsidwa bwino, amadziwa nthawi yowokera mbande, yothira feteleza ndi yodula nsonga. Ngati ali ndi njinga yamoto ndi mafuta, amafika kwa mlimi mbozi zisanamalize thonje. Tsamba likauma bwino limalowa giledi yapamwamba. Mlimi amabweza ngongole ndi kutsala ndi ndalama, kampani nayo imagulitsa katundu wabwino kunja.

Mlangizi wosasamalidwa amangolemba maina ali pansi pa mtengo wa mango. Kalaliki amene malipiro ake achedwa amayesedwa kubera sikelo. Mlimi akangoona kuti waberedwa, sakangana ndi munthu. Chipata cha Chiponde chili pafupi, njira zachidule zilipo zambiri, ndipo mavenda sagona. Mabelo akapita kwina, feteleza wa kampani wapita nawo.

Palinso za lamulo. Ku Mozambique wolemba ntchito ayenera kulembetsa antchito ake ku INSS. Kampani imapereka 4 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito amadulidwa 3. Ndalama imeneyi ndiyo imathandiza pa matenda, pa ukalamba ndi pa maliro. Wantchito amene akudziwa kuti dzina lake lili m'buku sathamangira kusiya ntchito, ndipo kampani siwononga nyengo yonse kuphunzitsa watsopano amene sadziwa midzi ndi mafumu ake.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mlimi amene akufuna kusayina pangano chaka chino ayambe wafunsa kuti mlangizi wa dera lake ndani, wakhala zaka zingati pa ntchitoyo, ndipo amafika kangati kumunda. Mayankho ake ndiwo adzamuuze za kampaniyo.