Gasiketi ya hedi inandidyera madengu awiri a matimati

Alimi anzanga, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phulalo mu Okutobala chaka cha 2023, ndipo ndati ndikufotokozereni kuti inu musagwe m'mbuna yomweyo.

Ndimalima matimati ndi ndiwo zamasamba m'dimba ku Machinjiri, ndipo ndimakapikulitsa ku msika wa Ndirande. Chimene chimandinyamulira katundu ndi njinga yamoto ya Honda CG125 imene anandisiyira malemu bambo anga. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1975, ndipo anaupanga kuti uzipirira misewu yoipa ngati yathuyi.

Njingayo inayamba kuchepa mphamvu pachitunda. Poyiliza ndi mwendo sinkalimbanso ngati kale, ndipo pamene hedi imakumana ndi silinda pankatuluka oyilo wakuda ndi kaphokoso ka "fyofyo". Mnyamata wina wokonza njinga anati gasiketi ya hedi yapsa. Kaamba kofuna zotchipa, ndinagula yoyamba imene ndinaipeza pabenchi, iye n'kuimanga mothamanga. Patangotha masiku anayi, m'bandakucha ndili ndi madengu awiri kumbuyo, njinga inazima panjira. Pamene ndinkafika ku msika, ogula anali atapikula kale kwa ena, matimati ataphikika ndi dzuwa.

Ndinaikankha mpaka kwa makaniko wina wachikulire wa ku Ndirande. Ataimasula anapukusa mutu nati, "Achimwene, mwagula kawiri chinthu chogula kamodzi." Zimene anandiphunzitsa ndi izi.

Gasiketi imakhala pakati pa hedi ndi silinda kuti mpweya wa moto usathawe. Pokagula tengani yakale, muisanjike pa yatsopano. Bowo lalikulu lifanane ndi kukamwa kwa silinda, komwe pa CG125 ndi mamilimita 56.5 ngati silinda sinakulitsidwepo. Mabowo ang'onoang'ono nawo agwirizane onse, chifukwa pa injini zina oyilo amakwera kupita ku mavalavu kudzera pamenepo. Bowo limodzi likatsekeka, kumwamba kwa injini kumauma n'kudyeka. Onaninso kuchindikala. Yopyapyala kwambiri imachititsa injini kugogoda ndi kutentha, pamene yochindikala mopyola muyeso imadya mphamvu. Katoni kapena pepala la gasiketi lodula ndi lumo musaliyerekeze pa hedi, limapsa msanga.

Gasiketi zilipo zamitundu iwiri. Ina ndi yofewa yokhala ndi mkombero wachitsulo, ngati ya njinga yangayi. Imeneyi ikamangidwa kamodzi yatha ntchito, siibwezedwanso. Ina ndi ya mkuwa wokhawokha, imene imapezeka pa injini zambiri zakale zotentha petulo pamodzi ndi oyilo. Ya mkuwa, ngati sinang'ambike, mukhoza kuiwotcha pa mbaula mpaka ifiire, kenaka muiviike m'madzi. Mkuwa ukatero umafewa ndipo umagwiranso bwino.

Koma vuto langa lenileni linali hedi yopindika, imene mnyamata uja sanaiyeze. Mdalayo anaika sandipepa wosalala pa galasi lochindikala, nayamba kukhutiza hedi pang'onopang'ono moyenda ngati akulemba 8, mpaka nkhope yonse inawala mofanana. Zotsalira za gasiketi yakale anazipala atazinyowetsa, chifukwa zakalekale zina zinali ndi asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo. Sanagwiritse ntchito sikuludiraiva popala, poti hedi ndi ya aluminiyamu, siichedwa kukandika.

Pomanga manati, sanamalize imodzi n'kupita pa inzake ayi. Ankamanga mopingasa, iyi kenaka yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono maulendo atatu, ndipo pomaliza anagwiritsa ntchito sipanala yoyezera kulimba malinga ndi buku la njingayo. Kumanga ndi mphamvu za khasu ndiko kumapinda hedi ndi kudula mazinga a mabawuti. Atatha anachuna mavalavu injini ili yozizira, kusiya mpata wa mamilimita 0.08. Anandiuza kuti ndiyende nayo masiku ochepa osanyamula katundu wolemera, ndibwerenso kuti adzaonenso manatiwo injini itazizira.

Anandikumbutsanso kuti injini imeneyi imazizira ndi mphepo. Matope a m'dimba akamatirira m'zipsepse za silinda ndi hedi, injini imatentha ndipo gasiketi imapsanso. Tsono Loweruka lililonse ndimazitsuka ndi kuona oyilo.

Kuchokera nthawi imeneyo njingayo sinandigonekenso panjira. Mukamva kaphokoso kaja kapena kuona oyilo m'khosi mwa injini, konzetsani mbewu zisanache, osadikira tsiku la msika. Ndipo pamene makaniko akumasula, khalani pomwepo mufunse kuti, "Kodi hediyi mwaiyeza?"