Ntchito ya Makompyuta pa Kayendedwe ka Katundu m'Malaŵi

Pa Kameza, kumpoto kwa mzinda wa Blantyre, mpamene mseu wopita ku bwalo la ndege la Chileka usiyana ndi mseu waukulu wa M1 wopita ku Lunzu ndi ku Zalewa. Popeza dziko la Malaŵi lilibe doko la panyanja yamchere, katundu wambiri wochokera ku doko la Beira m'dziko la Mozambique amadzera ku Tete, naloŵa pa chipata cha Mwanza, ndipo amadutsa pa Kameza asanafike m'nyumba zosungiramo katundu za mumzindawu. Kuchokera m'nyumbazo, katunduyo amagaŵika m'masitolo, m'zipatala ndi m'misika ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, mpakanso m'maboma akutali.

Ulendo wonsewu uli ngati unyolo. Wopanga katundu, wonyamula, wa msonkho, wosunga ndi wogulitsa, aliyense ndi mphete ya unyolowo, ndipo mphete imodzi ikaduka amene amavutika ndi munthu wa kumapeto: mlimi wodikira feteleza mvula itagwa kale, kapena mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wodwala malungo, napeza mankhwala atatha. Chimene chimalumikiza mphetezi ndi uthenga. Wotumiza katundu ayenera kudziŵa chimene chikufunika, kuchuluka kwake, malo ake ndi nthaŵi yake. Uthengawo ukachedwa kapena ukalakwika, malole amayenda ndithu, koma amanyamula zosafunika, ndipo kwina katundu amaonongekera m'nkhokwe pamene kwina akusoŵa.

Kale uthenga wotere unkayenda pa mapepala, ndipo lipoti lochokera kumudzi linkatenga masabata kuti lifike kwa oyenera kuliŵerenga. Kusintha kunayamba m'maiko akunja. M'chaka cha 1974, sitolo ina ya m'tauni ya Troy, ku Ohio m'dziko la America, inagulitsa katundu woyamba poŵerenga ndi makina timizere takuda timene timalembedwa pa mapaketi. Ndi njira imeneyi, chinthu chikagulidwa, kompyuta imachichotsa m'kaundula pomwepo, ndipo mwini sitolo amadziŵa chimene chatsala osaŵerenga katundu ndi manja.

Kuno ku Malaŵi, chitsanzo choyamba chili pa zipata za dziko. Bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, limagwiritsa ntchito ndondomeko ya pakompyuta yotchedwa ASYCUDA, yokonzedwa ndi nthambi ya United Nations yoona zamalonda, UNCTAD. Woimira mwini katundu amalemba mtundu wa katunduyo ndi mtengo wake pa kompyuta, ndipo makinawo amaŵerengera msonkho. Phindu lake nlakuti tsiku lililonse limene lole yaima pa chipata ndi ndalama zotayika, ndipo ndalamazo zimakwera pa mtengo umene wogula wa ku Ndirande amalipira.

Chitsanzo chachiŵiri, chokhudza moyo weniweni, chili pa mankhwala. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amathandiza ana osakwana zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. M'chaka cha 2011, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la John Snow, Inc. unayamba kuyesa njira yotchedwa cStock m'maboma oŵerengeka, ndipo pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. Mwa njirayi, mlangizi amatumiza uthenga waufupi pa lamya ya m'manja wonena mankhwala amene wamutsalira. Kompyuta imaŵerengera mlingo umene akufunika, nidziŵitsa chipatala chaching'ono chimene iye amakatengako mankhwala. Achipatalawo akalongedza, mlangizi amalandira uthenga wakuti abwere. Motero sapalasa njinga ulendo wautali nkubwerako chimanjamanja, ndipo akuluakulu a zaumoyo pa boma amaona msanga dera limene mankhwala ali pafupi kutha.

M'chaka cha 2017, Undunawu unayambanso kugwiritsa ntchito ndondomeko ya OpenLMIS, imene imasonkhanitsa malipoti a mankhwala a m'zipatala, kuti oitanitsa ku nkhokwe za Central Medical Stores Trust aitanitse poona chiŵerengero, osati mongoganizira. Chaka chomwecho, ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserako tindege topanda woyendetsa, mothandizana ndi bungwe la UNICEF, kuti aone ngati tingathe kunyamula zinthu zachipatala kumadera ovuta kufikako.

Nawo amalonda ang'onoang'ono sanatsalire. Airtel Money itayamba m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba m'chaka cha 2013, mwini okala ku Machinjiri anapeza njira yolipirira katundu wa ku Limbe osatseka okala yake ndiponso osayenda ndi ndalama m'minibasi.

Komatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. M'chaka cha 2020, pamene Boma linayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, makuponi a pepala analoŵedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika choŵerengedwa ndi makina. Cholinga chinali kuchepetsa chinyengo, koma m'malo ambiri ogulitsira netiweki inkavuta, ndipo alimi ankatha masiku pa mzere feteleza ali m'nyumbamo. M'mwezi wa Januwale 2022, namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakula. Kompyuta yopanda magetsi ndi lamya yopanda netiweki sizithandiza munthu.

Palinso malire ena aŵiri. Oyamba ngakuti makina amangobweza zimene apatsidwa. Wosunga nkhokwe akalemba makatoni khumi pamene pali atatu, kompyuta idzanena molimba mtima kuti mankhwala alipo. Achiŵiri ngakuti uthenga supanga katundu. Ndalama zakunja zikasoŵa, kapena mlatho ukakokoloka monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, makina amangoonetsa msanga kumene kwavuta, koma sakonza mseu ndipo salipira ngongole.

Chotero phindu la makinaŵa limadalira zinthu zitatu: magetsi ndi netiweki zodalirika, antchito ophunzitsidwa bwino ndi olemba zoona, ndiponso akuluakulu amene amaŵerenga malipoti nachitapo kanthu nthaŵi isanathe. Mlangizi wa kumudzi amene amatumiza uthenga wake pa tsiku loyenera, ndi kalaliki amene amaŵerenga makatoni mosamala asanalembe, ali ndi gawo lalikulu pa ntchitoyi mofanana ndi katswiri amene anakonza makinawo.