N'chifukwa chiyani gitala ya jazz ya pa kompyuta imalira ngati chidole?

Mapulogalamu monga MuseScore, Sibelius ndi Dorico amathandiza munthu kulemba nyimbo m'manoti, kenako kompyuta n'kuiimba kuti amve mmene ikumvekera. Piyano imamveka bwino ndithu. Koma mukasankha gitala yamagetsi ya jazz, kawirikawiri imalira ngati foni zakale zija. Manoti ali bwinobwino, liwiro lili bwinobwino, koma khutu likukana. Ena amafika poganiza kuti nyimbo yawoyo ndiye yoipa n'kuitaya. Chonsecho vuto ndi kaliridwe chabe, ndipo yankho lake lili mu Physics yomwe mumaphunzira m'kalasi, pa mitu ya mafunde ndi electromagnetic induction.

Zomwe noti siinena

Noti ya papepala imanena zinthu ziwiri zikuluzikulu: kukwera kwa liwu, ndi nthawi yomwe liwulo likhale likumveka. Kukwera kwa liwu ndiye frequency ija. Nsambo yonenepa kwambiri pa gitala imanjenjemera pafupifupi maulendo 82 pa sekondi, kapena kuti 82 Hz. Koma nsambo sinjenjemera mwa njira imodzi yokha. Pa nthawi yomweyo imanjenjemeranso ngati yagawidwa pawiri, n'kutulutsa 165 Hz, ngati yagawidwa patatu, n'kutulutsa 247 Hz, n'kumapitirira choncho. Timawu tapamwambati timatchedwa ma harmonic. Kusakanikirana kwake ndi kumene kumachititsa kuti musiyanitse gitala ndi piyano ngakhale zikuimba noti imodzi.

Ngati kusukulu kapena kutchalitchi kwanu kuli gitala, tayesani izi. Khwatchulani nsambo pakati penipeni, mumva liwu lofewa, lonenepa. Khwatchulani nsambo yomweyo kumapeto kwenikweni, komwe yamangidwa pa thupi la gitala, mumva liwu lopyapyala, lakuthwa. Frequency yoyamba ija sinasinthe, asintha ndi ma harmonic. Pakati pa nsambo ndi pomwe harmonic yachiwiri imakhala ndi node, malo osasuntha, ndiye mukakoka pamenepo harmonic imeneyi simadzuka n'komwe.

Maginito pansi pa nsambo

Gitala yamagetsi ilibe maikolofoni. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kotchedwa pickup: maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulizidwa kambirimbiri, mpaka masauzande. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera imasintha magnetic field yodutsa mu koyilo, ndipo mu wayamo mumabadwa voltage yaying'ono yovina mofanana ndi nsamboyo. Iyi ndi mfundo yomwe Michael Faraday anatulukira mu 1831. Ampulifaya imakuza voltage ija, sipika n'kuisandutsa mawu.

Oimba jazz amafuna liwu lofewa, lopanda ma harmonic ambiri apamwamba, ndipo amawadula pa sitepe iliyonse. Amakonda gitala ya thupi la mphako, monga Gibson ES-175 yomwe inatuluka mu 1949. Amasankha pickup yoyandikira khosi la gitala, chifukwa ili kufupi ndi pakati pa nsambo pomwe frequency yoyamba ili ndi mphamvu. Ambiri amaika nsambo zosalala zotchedwa flatwound. Amachepetsanso kabatani ka tone, komwe mkati mwake muli capacitor yothawitsira ma frequency apamwamba ku ground. Wes Montgomery, katswiri wa ku America, ankaimba ndi chala chachikulu m'malo mwa kapulasitiki kaja, ndipo mnofu wa chala unkafewetsa liwu kuposa pamenepo.

Nanga kompyuta imalakwitsa pati?

Pulogalamu yolembera manoti imalankhula ndi gawo lotulutsa mawu kudzera mu MIDI, njira yomwe inayamba mu 1983. Uthenga wa MIDI si mawu ayi, ndi malangizo chabe: imba noti yakuti, ndi mphamvu yakuti, siya tsopano. Mphamvuyo, yotchedwa velocity, ndi nambala yosapitirira 127. Mu 1991 munabwera General MIDI, mndandanda wa zida 128, ndipo nambala 27 ndi gitala yamagetsi ya jazz. Koma mndandandawu umangopereka dzina. Sunena kuti liwulo likhale labwino motani.

Mawu enieniwo amachokera ku ma sample, tizidutswa tojambulidwa kuchokera ku gitala yeniyeni. Apa ndi pomwe zinthu zitatu zimasokonekera.

Choyamba, pofuna kuti fayilo ikhale yaying'ono, ena amajambula manoti ochepa okha, otsalawo n'kuwapanga pothamangitsa kapena kuchedwetsa omwewo. Mukathamangitsa voice note popanda kukonza, munthu amamveka ngati kamwana, si choncho? Gitala nayo imasintha mtundu chimodzimodzi.

Chachiwiri, mukakhwatchula nsambo mwamphamvu, liwu silingokwera voliyumu, limakhalanso ndi ma harmonic ochuluka, omwe amazilala msanga kusiya frequency yoyamba. Sample imodzi yongokwezedwa ndi kutsitsidwa voliyumu singachite zimenezi. Ndipo noti ikabwerezedwa kanayi n'kumveka ndendende kanayi konse, ubongo umadziwiratu kuti awa ndi makina, pakuti palibe dzanja lomwe limagunda mofanana kawiri.

Chachitatu, pa piyano noti iliyonse ili ndi malo amodzi, koma pa gitala ayi. Noti ya E ya 330 Hz mutha kuipeza pa nsambo yoyamba osagwira paliponse, pa fret 5 ya nsambo yachiwiri, kapena pa fret 9 ya nsambo yachitatu. Frequency ndi imodzi, koma nsambo yonenepa ndi yofupikitsidwa imalira mofewa. Woimba jazz nthawi zambiri amasankha yofewayo, pamene sample yotchipa imadziwa imodzi yokha.

Zoyang'ana musanamalize bandulo

Mafayilo a mawu abwino amakhala aakulu, choncho werengani kaye zomwe alemba musanachite download. Onani ngati anajambula noti iliyonse payokha. Funani mawu akuti velocity layers, kutanthauza kuti noti imodzi anaijambula mofatsa, mwapakatikati ndi mwamphamvu. Funaninso round robin, pomwe noti imodzi ili ndi ma sample angapo olandizana. Tsimikizani kuti mtundu wa fayiloyo, kaya SoundFont kaya VST, pulogalamu yanu imaulandira. Pomaliza mverani chitsanzo chake ndi mahedifoni, chifukwa kasipika ka foni sikatulutsa bwino 82 Hz.

Ngakhale ndi mawu omwe muli nawo kale, pali zomwe mungachite osalipira kanthu. Yatsani swing, kuti pa manoti awiriawiri yoyamba izitalikirapo, pafupifupi kuwirikiza kawiri inzakeyo. Sinthani velocity kuti manoti asafanane onse. Ngati muli ndi equaliser, tsitsani ma frequency apamwamba, ngati mmene capacitor ija imachitira. Onjezani reverb pang'ono chabe, kuti zimveke ngati zikuimbidwa m'chipinda.

Mukatero, imbani mizere inayi yomweyo musanasinthe ndi mutasintha, mnzanu amvere atatembenuka. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, monga timachitira mu labu, ndipo lembani chomwe chapusitsa khutu lake kwambiri.