Njala Yobisika ya Atsikana Amasewera

Mtsikana wothamanga kapena wosewera mpira akaleka kupita kumwezi kwa miyezi 3 koma alibe pakati, makolo asacione mopepuka. Kawirikawiri cifukwa cake ndi cakudya cocepa poyerekeza ndi mphamvu zimene atha pa masewera. Mu 2014 bungwe la International Olympic Committee linacha bvutoli RED-S.

Thupi likamanidwa cakudya liyamba kuumira mphamvu, monga mai wocepetsa makala pa mbaula. Msambo uima, mafupa afooka ndipo atyoka msanga. Sikelo yokha siulula izi cifukwa ena saonda.

Pomupima, mtsikana agona phee m'mawa asanadye, napumira m'makina oyesa mpweya wolowa ndi wotuluka. Mphamvu zimene thupi ligwiritsa nchito zikacepera pa magawo 90 mwa 100 a zoyenera msinkhu ndi kulemera kwake, madokotala aganizira njala imeneyi. Apimanso T3 m'magazi, imene itsika.

Kumene kulibe makinawa, mbiri ya msambo ithandiza, conco apite nayo kukiliniki. Cofunika ndi kuonjezera nsima, nyemba, nshawa, kapenta ndi mazira, ndi kucepetsako masewera. Mapiritsi olera angobisa bvutoli.