Fizikisi kapena uinjiniya: chisankho chimayambira mu Folomu 3

CHIRADZULU: Ophunzira a ku Nguludi m'boma la Chiradzulu ali pafupi ndi sukulu zaukachenjede kuposa anzawo a m'madera ambiri m'dziko muno, koma kwa ofuna maphunziro a fizikisi kapena uinjiniya, mwayiwu umadalira maphunziro omwe adasankha ali ku sekondale.

Ku Nguludi komweko kuli Catholic University of Malawi, yomwe mtsogoleri wakale wa dziko lino, malemu Bingu wa Mutharika, adaitsegulira m'chaka cha 2006. Sukuluyi idayamba ndi maphunziro a uphunzitsi komanso a chikhalidwe cha anthu.

Maphunziro a uinjiniya ndi fizikisi amapezeka m'maboma oyandikana ndi Chiradzulu. Ku Blantyre kuli MUBAS, yomwe mpaka m'chaka cha 2021 inkatchedwa Polytechnic, ndipo imasula mainjiniya a misewu, zomangamanga, magetsi ndi makina. Ku Thyolo kuli MUST, yomwe idayamba kulandira ophunzira mu 2014, pomwe ku Zomba kuli University of Malawi, komwe kuli nthambi ya fizikisi.

Njira ziwirizi n'zosiyana. Wophunzira fizikisi amafufuza momwe magetsi, kuwala, kutentha ndi mphamvu zina zimagwirira ntchito, ndipo digiri yake imatenga zaka zinayi. Wa uinjiniya amagwiritsa ntchito nzeru zomwezo pokonza mlatho, damu kapena makina, ndipo amakhala pasukulu zaka zisanu. Akamaliza amayenera kulembetsa ku bungwe la Malawi Engineering Institution, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019.

Injiniya amadziwa msanga komwe angakafunsire ntchito: ku ESCOM, ku EGENCO, ku Roads Authority, ku mabungwe opereka madzi, m'makhonsolo ndi m'makampani omanga. Kufunika kwa akatswiriwa kudaonekera mu Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula misewu ndi milatho m'maboma a kummwera, kuphatikizapo Chiradzulu.

Wa fizikisi naye ali ndi zipata zake, ngakhale zambiri zimafuna digiri yachiwiri. Angathe kuphunzitsa, kugwira ntchito ku nthambi yoona zanyengo, kapena ku Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe lomwe lidadza ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira zipangizo zotulutsa cheza choopsa. Zipatala zothandiza odwala khansa ndi makina a cheza zimafunanso katswiri wa fizikisi woyeza mlingo womwe wodwala ayenera kulandira.

Khomo lolowera kuwiriku ndi limodzi. Bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku sukulu zaukachenjede za boma, limafuna makirediti asanu ndi imodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Pamwamba pa apo, maphunziro a uinjiniya ndi fizikisi amafuna kuti wophunzira akhoze bwino masamu ndi sayansi. Phunziro lomwe kale linkatchedwa Physical Science lidagawidwa pawiri, fizikisi ndi kemisitiri, choncho mwana amene wasiya maphunzirowa polowa Folomu 3 amakhala atadzitsekera njira asanalembe n'komwe mayeso.

Apa ndi pomwe pagona udindo wa aphunzitsi akuluakulu ndi akuluakulu oona zamaphunziro m'maboma. Uphungu wa ntchito uyenera kufika kwa ophunzira akadali mu Folomu 2, ndipo sukulu zoyendera za CDSS zikufunika malabotale ndi aphunzitsi odziwa sayansi.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika chitukuko cha mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Mafakitalewo adzafuna mainjiniya ambiri, ndipo injiniya aliyense amayamba wadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa fizikisi. Pa chifukwa ichi, polemba anthu ntchito ndi popereka ngongole za ophunzira, mbali ziwirizi ziyenera kuganiziridwa mofanana.