Kalonga wa Tenisi: Nthano ya M'zithunzi ya ku Japan

Nkhani yathu ya lero ichokera ku Japan. Kumeneko kuli nthano zofotokozedwa m'zithunzi zojambula pamanja, zimene eni ake amazitcha manga, ndipo amaziŵerenga kuyambira kumanja kumka kumanzere. Imodzi mwa izo ndi The Prince of Tennis, ndiko kuti Kalonga wa Tenisi. Anailemba ndi kuijambula ndi Takeshi Konomi, ndipo inali kutuluka mlungu ndi mlungu m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 1999 mpaka 2008. Ataisonkhanitsa pamodzi inakwana mabuku 42.

Tsono tenisi ndi maseŵera a munthu payekha. Woseŵera amaima yekha kuseri kwa ukonde, ndipo akalakwa alibe womuloza chala. Nanga maseŵera otere anakopa bwanji aŵerengi kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi?

Ambiri angayankhe kuti chokopa ndi mnyamata mwini nthano, Ryoma Echizen, wa zaka 12. Iye abwera kuchokera ku America atapambana kale mipikisano ya ana, naloŵa sukulu yotchedwa Seishun Gakuen, mwachidule Seigaku. Ndi wamfupi, wosalankhulalankhula, wodzikhulupirira mopyola muyeso. Amayamba kuseŵera ndi dzanja lamanja, ndipo mnzake akayamba kutukumuka m'pamene amaulula kuti iye ndi wamanzere. Zimenezi zimakondweretsa ndithu, koma mwana wongopambana tsiku ndi tsiku satenga nthaŵi kutopetsa.

Ine ndiona kuti mphamvu ya nthanoyi ili m'dongosolo la sukulu. M'masukulu a ku Japan, ana ambiri amatsalira akaŵeruka kuti achite maseŵera m'makalabu, ndipo m'menemo ukulu umalemekezedwa kwambiri. Ongoyamba kumene amatolera mipira ndi kukonza bwalo pamene akuluakulu alikuseŵera. Ku Seigaku malo a oimira sukulu alipo asanu ndi atatu okha, ndipo amalimbirana mwezi ndi mwezi. Ryoma akaloŵa m'gulu limenelo, ndiye kuti wina wamkulu kwa iye watuluka. Amene anatuluka poyamba ndi Sadaharu Inui, mnyamata wolemba m'kope chizoloŵezi cha woseŵera aliyense. Iyeyu sanakwiye n'kusiya, koma anayamba kukonzera anzake ndondomeko yolimbitsa thupi, kwinaku akukonzekera kulandanso malo ake.

Sukulu zikakumana, pamakhala mipikisano isanu: iŵiri ya aŵiriaŵiri, itatu ya mmodzimmodzi. Sukulu yopambana itatu ndiyo imapitirira. Motero Ryoma, ngakhale akhale katswiri chotani, angapatse sukulu yake chipambano chimodzi chokha. Zina zonse amaonerera ali kunja kwa mpanda, ngati ife aŵerengi.

Chitsanzo chabwino ndi tsiku limene Seigaku inakumana ndi sukulu ya Hyotei m'mpikisano wa chigawo cha Kanto. Kaputeni wa Seigaku, Kunimitsu Tezuka, anali ndi mkono wovulala kuyambira chaka chake choyamba, pamene wamkulu wina wansanje anam'menya pachigongono ndi chomenyera mpira. Keigo Atobe wa ku Hyotei anadziŵa zimenezi, nautalikitsa dala mpikisano kuti pheŵa la mnzake lileme. Tezuka anazindikira msamphawo koma sanaupeŵe. Anaseŵera mpaka mapeto, nagonja. Popeza mpikisano wina unali utalekezeka panjira oseŵera onse aŵiri atapweteka manja, sukulu ziŵirizo zinafanana mphamvu, ndipo anaitana oseŵera apadera kuti athetse mlandu. Wa Seigaku anali Ryoma. Mwana amene cholinga chake chinali kugonjetsa bambo wake, katswiri wakale, analoŵa m'bwalo atasenza katundu wa anzake, ndipo anapambana.

Pamenepa ndili ndi dandaulo. Tezuka ndi mwana wa sukulu, ndipo nthanoyi imaonetsa kuwononga mkono kwake ngati ulemerero. Mphunzitsi wanzeru akanamutulutsa m'bwalo. Konomi sanabise zotsatira zake, pakuti mnyamatayo anachoka kwa nthaŵi yaitali kukalandira chithandizo ku Kyushu, komabe mwana woŵerenga amakumbukira kulimba mtima kuja koposa ululu.

Za kamenyedwe kodabwitsa sinditaya nazo nthaŵi. Poyamba kanali kotheka, monga mpira wonjanja n'kulunjika kumaso kwa woulandira. Kumapeto kunafika poti mpira unali kunyamula munthu n'kukam'ponya pakati pa oonerera. Ena zimenezi zinaŵanyansa, ena zinaŵaseketsa, koma anapitiriza kuŵerenga, chifukwa pofika apo aliyense anali atasankha kale sukulu yake ndi woseŵera wake. Ngakhale adani a Seigaku anapatsidwa mbiri ndi makhalidwe awoawo, kotero kuti Atobe yemwe uja ali ndi om'konda ochuluka zedi.

Nthanoyi inaonetsedwa pa wailesi ya kanema kuyambira 2001 mpaka 2005, ndipo mu 2009 Konomi anayamba kulemba yotsatira yake. Mu 2003 inasandukanso seŵero la nyimbo la pansanja. M'seŵero limenelo munakhazikika mwambo wakuti anyamata oseŵera mbali za ana a Seigaku akatha nyengo yawo, amatsazika monga ophunzira otsiriza sukulu, ndipo gulu latsopano limavala malaya omwe aja.