Wopita ku Ise agone pafupi ndi kachisi

Kachisi wa Ise Jingu, m'chigawo cha Mie ku Japan, amalandira anthu kuyambira 5 koloko m'mawa. Wofuna malo ogona aganizire kaye za ola limeneli, pakuti dzuwa likangokwera mabasi amakhuthula khamu, pamlatho wa Ujibashi nkungoti piringupiringu.

Ise Jingu ndi akachisi 125 a chipembedzo cha Shinto, koma akuluakulu ndi awiri: Naiku wa Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa, ndi Geku wa Toyouke, woyang'anira chakudya. Pamwambo wake, mlendo amayambira ku Geku, komwe ansembe amapereka chakudya kwa milungu kawiri patsiku, chophikidwa pamoto wochita kupeka ndi mitengo. Mahotela ali mbwee pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Iseshi, ndipo kuchokera apo Geku ndi wofika wapansi.

Komabe ine ndingati usiku umodzi mugone kufupi ndi Naiku. Kumeneko malo ogona ngochepa, ndipo odziwika kwambiri ndi Jingu Kaikan. Madzulo kulibe zambiri, chifukwa masitolo a mumsewu wa Oharai-machi amatseka msanga. Phindu lake lili m'bandakucha. Mumawerama pachipata cha torii, nkuwoloka mlatho wa Ujibashi uja motsata dzanja lamanja (ku Geku amayenda kumanzere), kenaka mumatsikira kumtsinje wa Isuzu kukasamba m'manja. Pansi pa mitengo italiitali mumangomva miyala ikulira kumapazi. Mukakwera masitepe a kachisi wamkulu, kamera imalowa m'chikwama. Mumawerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, nkuweramanso kamodzi. Nsalu yoyera imatchinga khomo, ndipo mlendo wamba amalekezera pomwepo. Pobwerera mumapeza sitolo ya Akafuku, yomwe inayamba mu 1707, itatsekula kale, akugulitsa tiyi ndi timikate ta mpunga topaka nyemba zotsekemera.

Ena amasankha Futami, m'mphepete mwa nyanja, pomwe pali Meoto Iwa, miyala iwiri yolumikizidwa ndi chingwe cha mapesi a mpunga. Kale apaulendo ankayamba adziyeretsa m'madzi amchere kumeneko asanapite kwa milungu. Kuli nyumba za alendo zachikale zotchedwa ryokan. Nsapato zimatsala pakhomo, mumagona pansi pamphasa za tatami, ndipo musanalowe m'bafa la onse mumayamba mwasamba thupi lonse, sopo nkumutsukuluza. Kawirikawiri mtengo amawerengera pamunthu, osati pachipinda, ndipo umaphatikizapo chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Chamadzulo chili ndi nthawi yake. Kufika mochedwa osadziwitsa eni nyumba nkuwachita chipongwe.

Kuchereza alendo kotereku nkwakale. M'nyengo ya Edo ansembe otchedwa onshi ankalandira apaulendo m'nyumba zawo, kuwadyetsa ndi kuwachitira mapemphero, mpaka boma linathetsa udindowu mu 1871. Ndiye chifukwa chake ndimaona kuti malo ogona ndi gawo la mwambowo.

Akachisi akuluakulu a Ise Jingu amamangidwanso mwatsopano pakatha zaka 20 zilizonse. Anamanga komaliza mu 2013, adzamanganso mu 2033, ndipo miyambo yokonzekera inayamba kale. Masiku oyamba a Januwale anthu amachuluka zedi, choncho ngati mukupita nthawi imeneyo, sungitsani malo kudakali miyezi ingapo.